Injini ikasintha kaliridwe, cherani khutu

M'mamawa, dzuwa lisanatuluke, maminibasi a ku Kanyama, Matero, Chawama ndi George amakhala atayamba kale kunyamula anthu kupita ku City Market ndi ku Kulima Tower. Mukakhala pampando wakutsogolo, nthawi zina mumamva kaphokoso kacilendo kocokera pansi pa mpando, pomwe pali injini. Dalaiva naye amakamva, koma poganizira ndalama zimene ayenera kupereka kwa mwini basi madzulo, amangokweza wailesi. Akulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Kucokera pamene kampani ya boma ya mabasi, ya UBZ, inatsekedwa mu 1995, anthu a m'makomboni a Lusaka adalira maminibasi ndi matekisi. Ambiri mwa magalimoto amenewa, monga Toyota Hiace ndi Corolla, amafika kuno atayenda kale zaka zambiri ku Japan, ndipo amalowera pa Nakonde kapena pa Chirundu. Minibasi imodzi imadyetsa banja la mwini wake, la dalaiva ndi la kondakita. Injini ikafa, mapoto atatu amazizira tsiku limodzi, ndipo ana ena amasowa zofunika za kusukulu. Koma kawirikawiri injini imayamba yacenjeza isanafe, ndipo imacenjeza ndi phokoso.

Coyamba ndi kudzifunsa mafunso atatu. Kodi phokosolo likucokera kuti: pamwamba pa injini, pansi, kapena kutsogolo? Kodi limamveka liti: injini ikadali yozizira, ikatentha, kapena pokwera citunda? Kodi limafulumira mukaponda mafuta? Mayankho ake ndiwo amene makanika wabwino adzafuna kumva kwa inu.

Phokoso lina ndi lochipa kukonza. Ngati galimoto ilira ngati mluzu polizidwa m'mawa, kapena mukayatsa magetsi, nthawi zambiri ndi lamba wa fani amene wakhwepa kapena watha. Zimitsani injini, mudinikize lambayo ndi cala cacikulu: sayenera kulowa kupitirira sentimita imodzi. Kumangitsa kapena kugula wina si ndalama zambiri, koma akaduka panjira batire imaleka kulandira moto, ndipo m'magalimoto ambiri pampu ya madzi nayo imaima, injini n'kutentha mopitirira. Kaphokoso kakuti ke-ke-ke kocokera pamwamba kamasonyeza kuti matapeti afunika kuchunidwa, kapena kuti oilo wacepa ndipo sakufika kumwambako. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, mudikire pang'ono, muone muyeso wa oilo.

Pali phokoso lina longa timiyala tikugubuduka m'citini, lomveka pokwera citunda galimoto italemedwa. M'injini ya petulo izi zimacitika pamene mafuta akuphulika nthawi yake isanakwane. Cifukwa cake cingakhale timing yosalongosoka, injini yotentha kwambiri, kapena petulo wa m'zigubu wosakanizidwa ndi palafini. Mukalilekerera, pisitoni imatha kubooka. Komanso mukamva kupuma kwakuti fu-fu-fu pafupi ndi injini, mwina paipi ya utsi yabooka. Ici ndi coopsa kwa okwera, pakuti mu utsiwo muli mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo koma umagonetsa munthu ndi kumupha.

Phokoso loopsa koposa ndi kugogoda kolemera kocokera pansi pa injini, ngati munthu akumenya citsulo ndi nyundo, kumene kumafulumira mukaponda mafuta. Uku ndiye kunoka kumene madalaiva amaopa. Mabeyaring'i a pa crankshaft amakhala atadyeka cifukwa ca kusowa oilo kapena oilo wakuda wokhalitsa. Nyale yofiira ya oilo ikayaka pamodzi ndi phokosoli, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini, ngakhale basi itadzaza. Mukaima msanga, makanika angathe kupala crankshaft ndi kuika mabeyaring'i atsopano. Mukati mungofika nayo kusitesheni, citsulo cogwira pisitoni cingathyoke ndi kuboola injini yonse, ndipo pamenepo palibenso cokonza koma kugula ina.

Misewu yathu nayo ili ndi mbali yake. M'cilimwe fumbi la m'makomboni limatseka sefa ya mpweya, ndipo sefa ikang'ambika fumbilo limalowa ndi kudya zitsulo za mkati. N'cifukwa cake amakanika amalangiza kusintha oilo ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse kwa galimoto yoyenda m'fumbi. M'dzinja madzi amadzaza m'misewu ya ku Kanyama ndi Chawama. Madzi akalowa m'injini kudzera polowera mpweya, sapanikizika monga mpweya, motero amapinda zitsulo. Galimoto ikazima pakati pa madzi, musayese kuilizanso. Ikankheni, makanika ayambe wacotsa mapulagi ndi kutulutsa madziwo.

Amakanika athu a pansi pa mitengo ku Kalingalinga ndi Mtendere ali ndi njira yakale yopezera gwero la phokoso: amakhudzika nsonga ya sikuludalaiva yaitali pa injini, cigwiriro cake n'kuika kukhutu. Njirayi imathandiza, koma ifunika kusamala, cifukwa lamba ndi fani zikuzungulira zingakoke malaya kapena kudula zala. Musatsegulenso civundikiro ca rediyeta injini ili yotentha.

Posankha makanika, funsani anzanu amene anagwiritsapo nchito kwa iye, ndipo nkwabwino ngati ali ndi pepala la mayeso la TEVETA. Akuuzeni cimene wapeza asanamasule kanthu, mugwirizane mtengo, ndipo zitsulo zakale akubwezereni. Cenjerani ndi wokuuzani kuti mungothira oilo wolimba: phokoso limacepa masiku ocepa, koma bvuto limakhalapobe. Ena ogulitsa magalimoto amacita zomwezi pofuna kunyenga wogula, conco pogula galimoto muimvetsere m'mawa injini ikadali yozizira.

Eni mabasi nawonso aganizepo. Dalaiva amene waimika basi cifukwa ca phokoso wapulumutsa cuma canu ndi miyoyo ya okwera, motero sayenera kudulidwa malipiro a tsikulo. Mawa m'mawa, musanayatse wailesi, lizani injini, mutsitse galasi, ndipo muimvetsere kwa mphindi ziwiri.