Wofunika Kwambiri Amatuluka Bwanji mu Priority Queue?

Kodi priority queue n'chiyani?

Ndi mzere wa zinthu mu pulogalamu ya kompyuta, momwe choyamba kutuluka ndi chofunika kuposa zinzake, kaya chinafika liti.

Chofunikacho chikachoka, m'katimo mumatsala zotani?

Apa ndiye pokoma nkhani. Nthawi zambiri mzerewu umasungidwa mu binary heap, njira imene J. W. J. Williams anaifalitsa mu 1964. Zinthu zimakhala ngati banja: kholo lililonse lili ndi ana osapitirira awiri, ndipo palibe mwana woposa kholo lake. Wamkulu wa onse ali pamwamba, kumupeza sikuvuta. Vuto ndi mpando umene wausiya. Pulogalamu imanyamula chinthu chakumapeto kwenikweni n'kuchikhazika pampandopo, ngakhale sichiyenera ulemuwo. Kenako chimatsika, kusinthana malo ndi wamkulu mwa ana awiriwo, mpaka chitafika poti palibe mwana wochiposa. Banjali ndi lotambalala koma lalifupi: zinthu 1,000,000 zimakwana m'mibadwo 20 yokha, choncho kusinthanako sikupitirira ka 19. Chaka chomwecho Robert Floyd anasonyeza kuti kutsika komweku kumamanga heap yonse mwachangu, ntchito ikayambira m'munsi.

Ndiye kuti zonse zinasanjidwa kale, kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono?

Ayi ndithu, ndipo maganizo amenewa samva kufa. Wophunzira amaonetsa zomwe zili mu PriorityQueue ya Java, n'kuona manambala ali pakati-m'mbali, basi wayamba kudandaula kuti china chake chawonongeka. Palibe chawonongeka. Heap imalonjeza za kholo ndi ana ake, za abale ndi asuweni ilibe nazo ntchito. Kusanja zonse kukanakhala kudzitopetsa pachabe, poti chofunidwa n'chimodzi, chapamwambacho. Wofuna ndondomeko yonse azichotse chimodzichimodzi.

Nanga ziwiri zikafanana kufunika?

Heap siikumbukira chimene chinafika poyamba. Wolemba pulogalamu awonjezere yekha nambala ya kafikidwe.

Kachotsedwe kake n'kamodzimodzi paliponse?

Kumeneko ambiri amagwa chagada. Mu Python, heappop imatulutsa chaching'ono kwambiri, ndipo mzere ukakhala wopanda kanthu imaponya IndexError. Java nayonso imayambira chaching'ono, koma mzere ukakhala wopanda kanthu poll yake imangobweza null. C++ ili ndi khalidwe lakelake: imayambira chachikulu, ndipo pop imachotsa chinthucho osachibweza. Wochifuna ayambe wachitenga ndi top.