NDALAMA ZAPACHIPATA ZIDAGAWA MPIRA KU AUSTRALIA

Pomwe pali ndalama sipalephera mkangano. Amene mumasonkherana za chiperegani pamsika mukudziwa zimenezi: wa golosale amafuna mawu ake amveke kuposa a mayi wogulitsa tomato.

Zoterezi zidaonekanso mumzinda wa Melbourne ku Australia, pa mpira wawo uja wooneka ngati papaya, umene amamenya ndi phazi, kuwakha ndi manja ndi kuwomba ndi chibakera.

Bungwe la Victorian Football Association lidakhala likuyendetsa mpirawu kuyambira 1877. Koma mu 1893 mabanki ambiri adagwa, ntchito zidatha, ndipo matimu ang'onoang'ono adayamba kuvutika. Iwowa ankafuna kuti ndalama zapachipata zizigawidwa mofanana. Matimu akuluakulu, amene ankadzaza mabwalo, adakana kwamtuwagalu. Kwa iwo kumeneko kudali kudyetsa mnzako thukuta lako.

Pa 2 October 1896 zidavuta. Collingwood, Essendon, Fitzroy, Geelong, Melbourne ndi South Melbourne adatuluka m'bungwemo n'kuyambitsa ligi yawoyawo, Victorian Football League. Adaitananso Carlton ndi St Kilda kuti akwane 8. Matimu asanu, kuphatikizapo Richmond, Footscray ndi North Melbourne, adasiyidwa padzuwa.

Masewero oyamba adachitika pa 8 May 1897, osewera 20 mbali iliyonse. Chaka chomwecho kawerengedwe kadasintha. Kale ankangowerenga zigoli basi. Tsopano mpira ukadutsa pakati pa mitengo iwiri yaitali, chigolicho chidakhala mapointi 6, ukaphonya pang'ono n'kudutsa chapambali, pointi imodzi.

Geelong ndiyo idatsogola pa ligi, koma chikho idachiphonya. Matimu anayi apamwamba adakumananso, aliyense ndi mnzake, ndipo Essendon idakwapula Geelong, Collingwood ndi Melbourne n'kutenga ukatswiri.

Nanga St Kilda, mlendo woitanidwa uja? Abale inu, idaona zakuda. Masewero onse 14 a chakacho idagonja. Mu 1898 chimodzimodzi, mu 1899 chimodzimodzinso. Masewero 48 otsatizana osalawako chipambano! Kudya ndi mabwana kuli ndi mtengo wake.

Idapambana koyamba mu 1900, ndipo kudali kopita kukadandaula. Masewero ake ndi Melbourne adatha mofanana, koma akuluakulu a ligi atamva dandaulo adafafaniza pointi imodzi ya Melbourne, St Kilda n'kupuma.

Amene adasiyidwa aja sadafe. Richmond idalowa ligi mu 1908, Footscray ndi North Melbourne mu 1925. Koma ena mwa mabwana adaona polekera. South Melbourne ngongole zitaikwana idasamukira ku Sydney mu 1982. Fitzroy, imene idatenga chikho mu 1898 ndi 1899, idashota ndalama mpaka mu 1996 idaphatikizidwa ndi timu ya ku Brisbane. Amene adakana kugawana zapachipata nawonso lidawafikira tsiku lopempha.

Ligi ija mu 1990 idasintha dzina kukhala Australian Football League. St Kilda ikadalimo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha: mu 1966, patatha zaka 69, idagonjetsa Collingwood mu fainolo n'kunyamula chikho chake choyamba. Kusiyana kwake? Pointi imodzi yokha, kaja adakayambitsa mu 1897.