Mapulogalamu Oyenera Kuyamba Kuika pa Kompyuta

Anthu ambiri akagula kompyuta amapita nayo kwa katswiri kuti awaikire "chilichonse", ndipo imabwerako itadzaza ndi zinthu zomwe sadzazitsegula n'komwe. Mapulogalamu ofunikadi ndi ochepa, ndipo amasankhidwa potengera ntchito imene kompyutayo izigwira.

Kodi poyambira ndi pati?

Mapulogalamu onse amadalira pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Windows, macOS kapena Linux. Imeneyi ndi imene imagawa RAM ndi mphamvu ya purosesa kwa mapulogalamu ena onse, n'chifukwa chake pulogalamu yopangidwira Windows siigwira ntchito pa Mac. Kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Kompyuta yakale yosakwanitsa zimenezi sikuti yatha ntchito: ingaikidwe Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe ndi zaulere.

Pulogalamu yolowera pa intaneti

Firefox, Chrome ndi Edge ntchito yawo ndi imodzi, yotsegula masamba a pa intaneti. Imodzi ndi yokwanira, ndipo yachiwiri imangothandiza tsamba lina likamavuta. Onsewa amatsegulanso mafayilo a PDF, choncho munthu amene amangowerenga mafomu ndi manotsi safunikira pulogalamu ina ya PDF. Masamba akatsegulidwa ambiri nthawi imodzi amadya RAM, ndipo kompyuta ya 4 GB imayamba kuchedwa.

Zolembera ndi zowerengera

Makalata, malipoti ndi maakaunti amafuna Word ndi Excel, zomwe zimalipiridwa, kapena LibreOffice, yomwe ndi yaulere ndipo sifuna intaneti. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale kuti nthawi zina matebulo ndi zilembo zimasuntha pang'ono. Ngati chikalata chikupita kwa munthu woti angowerenga, chisandutseni PDF kuti chikaoneke monga munachikonzera.

Kodi antivirus yogula ndi yofunika?

Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi Microsoft Defender, yomwe imafufuza mafayilo nthawi zonse ndipo imakwanira pa ntchito za kunyumba. Kuika ma antivirus awiri sikuwonjezera chitetezo, chifukwa onse amalimbirana fayilo imodzi ndipo kompyuta imalemedwa. Chachikulu ndi kulola ma update, omwe amatseka mipata yolowera mavairasi. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko oposa 150, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpatawo mu Marichi chaka chomwecho. Amene anavutika kwambiri ndi omwe anali asanachiike.

Timapulogalamu tothandiza

VLC imasewera pafupifupi mtundu uliwonse wa nyimbo ndi kanema popanda kuwonjezera china. 7-Zip imamasula mafayilo opanikizidwa a ZIP ndi RAR. Bitwarden kapena KeePass zimasunga mapasiwedi onse motetezeka, moti mumangoloweza imodzi yokha yotsegulira. Zonsezi zimapezeka mwaulere. Mapulogalamu olonjeza "kufulumizitsa" kompyuta ndi osafunika, pakuti Windows ili kale ndi zochotsera mafayilo otha ntchito.

Kodi atengedwe kuti?

Pulogalamu itengedwe pa tsamba la eni ake kapena mu Microsoft Store. Mapulogalamu olipira omwe athyoledwa kuti akhale aulere, amene anthu amagawana pa fulashi, nthawi zambiri amauza munthu kuti azimitse kaye antivirus, ndipo pamenepo ndi pomwe vairasi imalowera. Poika pulogalamu, werengani tsamba lililonse musanadine Next, chifukwa ena amabisamo mapulogalamu owonjezera. Ngati mumadalira bandulo, tsegulani "metered connection" mu Windows kuti ma update aakulu asamalize data mosayembekezereka, koma muziwalola mukapeza Wi-Fi.

Kusunga mafayilo padera

Pulogalamu ikawonongeka imaikidwanso, koma zithunzi ndi zolemba zikatayika pamodzi ndi hard disk zimavuta kubweza. Akatswiri amalangiza kukhala ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi kompyutayo. Hard disk yapadera pamodzi ndi Google Drive, yomwe imapereka 15 GB yaulere, zimakwaniritsa zimenezi. Ndi bwino kukonza dongosololi mafayilo asanachuluke.