Ulusi Wolimbitsa Mseu wa Konkire

Inu alimi mudziwa kuti dothi lomatira nkhokwe likasakanizidwa ndi udzu siling'aluka msanga. Nzeru yomweyo igwira nchito pa miseu ya konkire, imene malole apitapo ponyamula cimanga ndi fodya wanu.

Konkire ipirira kwambiri popsinjidwa, koma pokokedwa mphamvu yace ingofika ngati gawo limodzi la magawo 10. Gudumu lolemera likaponda pamwamba, konkire ipindika pang'ono, ndipo kunsi kwace kukokeka. Mng'alu uyambira kumeneko nukwera pamwamba. Pamenepo madzi a mvula alowa, nafewetsa nthaka ya pansi, ndipo mseu uphwanyika.

Cifukwa cace amisiri athira ulusi wa citsulo kapena wa pulasitiki posakaniza simenti, mcenga ndi miyala. Wa citsulo utalika inci 1 kapena 2. Musayese kuti ulusi uletsa ming'alu yonse, iai. Nchito yace ndiyo kugwira mbali ziwiri za mng'alu kuti usakule, kotero kuti konkire yong'alukayo isenzabe katundu.

Koma cenjerani. Ulusi ukacuruka upotana nukhala mibulu, nusiya mphako m'kati. Ulusi wa khonje sukhalitsa, pakuti simenti iudya m'kupita kwa zaka. Ndiponso palibe ulusi umene ungapulumutse mseu womangidwa pa nthaka yofewa.

Tsono mukathandiza kumanga mseu wotere kwanu, tsindirani nthaka bwino, musacurutse madzi posakaniza, ndipo thirirani konkire masiku 7 kuti isaume msanga. Mukatero, dzinthu zanu zidzafika ku msika ngakhale m'dzinja.