Jekeseni kapena ntchito: funso lomwe tidalisiya m'malere

Pa 11 Malichi 2021, tsiku lomwe katemera wa Covid-19 adayamba kuperekedwa m'dziko muno, anthu a ku Ntcheu adaona mwana wa kwawo akupereka mkono kwa namwino. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adabayitsa ku Zomba, pomwe wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima wa ku Nsipe, adabayitsa ku Mzuzu. Uthenga wa tsikulo udali woti katemerayu ndi wabwino, ndipo aliyense abwere mwa kufuna kwake.

Patangotha miyezi 9, mawu adasintha. Mu Disembala chaka chomwecho, mtundu wa kachilombo wotchedwa Omicron utayamba kufala, nduna ya zaumoyo pa nthawiyo, Khumbize Kandodo Chiponda, idalengeza kuti boma likufuna kuti katemerayu akhale wokakamiza kwa ogwira ntchito m'boma komanso ena omwe amakumana ndi anthu ambiri pantchito yawo, monga azaumoyo ndi atolankhani.

Nkhaniyi idautsa mapiri pachigwa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lidati kukakamiza munthu kubayitsa n'kumuphwanyira ufulu. Bungwe la CDEDI lidakamang'ala kubwalo lalikulu la milandu, koma mu Januwale 2022 bwalolo lidakana pempho lake. Kenaka matendawa adayamba kuchepa, nkhani idazizira yokha, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti Covid-19 si mliri wadzidzidzi woopseza dziko lonse lapansinso.

Mliri udapita, koma funso lidatsala osayankhidwa. Kodi boma, ngati bwana wolemba anthu ntchito, lili ndi mphamvu youza mphunzitsi wa ku Katsekera kapena mlangizi wa zaumoyo wa ku Kasinje kuti asankhe pakati pa jekeseni ndi malipiro? Nanga akakana, mlandu wake udzamvedwa ndi yani, kuti, ndipo motani, pomwe mliri womwewo ukuletsa anthu kusonkhana?

Tisadzinamize kuti funsoli silidzabweranso. Mu Febuluwale 2022 boma lidalengeza kuti poliyo wapezeka ku Lilongwe. Mwezi wotsatira kolera adabuka ku Machinga, ndipo pofika mu 2023 adali atapha anthu oposa 1,700. Miliri siitha m'dziko muno. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Mbali ya boma njomveka

Choyamba tivomereze kuti boma silidangodzuka n'kuganiza zovutitsa anthu. Aliyense akukumbukira Januwale wa 2021. Pa 12 mwezi umenewo, nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Zipatala zidadzaza, mpweya wothandizira odwala kupuma udasowa, ndipo maliro ankaikidwa mothamanga, achibale ataimirira patali. Matendawa adapha Amalawi oposa 2,600.

Boma la Ntcheu lili pamalo ovuta pa nkhani ya miliri. Kalembera wa 2018 adapeza kuti bomali lili ndi anthu 659,608. Msewu wa M1, womwe umalumikiza Blantyre ndi Lilongwe, umadutsa pakati pake, ndipo kumtunda kwa Lizulu ndi Biriwiri msewu womwewo ndiwo malire ndi dziko la Mozambique. Pa msika wa Lizulu kapena wa Tsangano munthu amagula kachewere m'Malawi n'kukamwa tiyi ku Mozambique popanda womufunsa chiphaso. Kachilombo nakonso sikafunsa chiphaso.

Wogwira ntchito m'boma pamalo otere amakumana ndi anthu mazanamazana pa sabata. Namwino amagwira amayi oyembekezera ndi nkhalamba zodwala shuga. Mphunzitsi amaima kutsogolo kwa ana odzaza kalasi. Wapolisi wa pa chipata cha malire amagwira mapepala a aliyense wodutsa. Wodwala sasankha namwino woti amuthandize, ndipo mwana sasankha mphunzitsi. Tsono boma likanena kuti amene amalipidwa ndi misonkho ya anthu asakhale njira yofalitsira matenda, mfundo yake ili ndi mutu.

Mayiko oyandikana nafe adachitadi zimenezi. Ku Zimbabwe, komwe kuli abale athu ambiri, boma lidalamula mu Sepitembala 2021 kuti ogwira ntchito m'boma akhale atabayitsa pofika pa 15 Okutobala, ndipo wosabayitsa asafike pantchito komanso asalandire malipiro. Ku America, bwalo lalikulu kwambiri mu Januwale 2022 lidakana lamulo lokakamiza ogwira ntchito m'makampani akuluakulu, koma lidalola lokakamiza ogwira ntchito m'zipatala. Oweruza kumeneko adasiyanitsa ntchito ndi ntchito, chinthu chomwe ife tingaphunzirepo.

Mbali ya wantchito nayo njomveka

Komatu amene ankazengereza sadali mbuli onse. Pomwe boma linkalankhula zokakamiza, chikhulupiriro cha anthu chidali chitaphwanyika kale. Nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19 yomwe idasakazidwa idali ikadali m'kamwa mwa anthu, ndipo mu Epulo 2021 nduna ina idachotsedwa paudindo kaamba ka nkhani yomweyo. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho aphunzitsi, kudzera m'bungwe lawo la TUM, adanyanyala ntchito pofuna ndalama ya chiopsezo. Munthu amene wakanizidwa ndalama ya chiopsezo dzulo, lero mukamuuza kuti ntchito yake njoopsa kotero abayitse mokakamiza, akufunsani kuti chiopsezocho mwachiona liti.

Katemerayo nayenso ankabwera mwa apo ndi apo. Woyamba, wokwana 360,000, adafika pa 5 Malichi 2021 kudzera mu ndondomeko ya COVAX. Pa 19 Meyi boma lidatentha katemera 19,610 wa AstraZeneca ku chipatala cha Kamuzu Central chifukwa adali atatha mphamvu. Mu Juni katemera adatheratu m'zipatala zambiri, anthu akudikira jekeseni wachiwiri. Kodi mlangizi wa zaulimi wa ku Doviko, amene wakwera njinga ya kabaza kukafika kuchipatala n'kuuzidwa kuti katemera watha, tingamutche wokana?

Palinso ena omwe dokotala angawaletse kubayitsa chifukwa cha matenda ena, ndi ena omwe mipingo yawo siilola mankhwala a kuchipatala. Kaya tikugwirizana nawo kaya ayi, gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chipembedzo ndi chikumbumtima, ndipo gawo 19 limateteza ulemu wa munthu.

Ufulu uli ndi malire, n'zoona. Gawo 44 limalola kuchepetsa maufulu ena, koma limaika zoyenera kutsata. Kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, komveka, kogwirizana ndi mfundo za ufulu wa anthu zovomerezeka pa dziko lonse, komanso kofunikadi m'dziko la demokalase. Mawu a nduna pa msonkhano wa atolankhani si lamulo. Kalata yochokera ku Capital Hill yokhomedwa pa bolodi la ofesi si lamulo. Phunziro limeneli boma lidalilandira kale mu 2020, pomwe Jaji Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso pa 17 Epulo choimitsa m'bindikiro wa masiku 21, ndipo pambuyo pake oweruza adapeza kuti malamulo a m'bindikirowo ankasemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Lamulo lathu la zaumoyo wa anthu ndi la 1948, nthawi ya atsamunda. Nkhani yaikulu chonchi ikufunika Nyumba ya Malamulo, osati kudalira lamulo lomwe lidalembedwa agogo athu akadali anyamata.

Mlandu wa pa foni

Tsono tifike pomwe pagona nkhani. Tiyerekeze kuti lamulo lilipo, katemera alipo, koma mphunzitsi wina wa kudera la Tsangano sadabayitse. Boma silingangomudula malipiro. Gawo 43 la malamulo aakulu limati aliyense ali ndi ufulu woti chigamulo cha ofesi ya boma chomukhudza chikhale chotsata malamulo ndi chachilungamo m'kayendetsedwe kake, ndipo apatsidwe zifukwa zake molemba. Gawo 57 la lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asadapatsidwe mwayi wodziteteza. Makolo athu adalidziwa kale lamulo limeneli. Pabwalo la mfumu, kaya kwa Njolomole kaya kwa Ganya, nkhani sigamulidwa mwini wake asadayankhule.

Vuto ndi loti mabungwe omwe amaona za mwambo wa ogwira ntchito m'boma, monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission ndi Health Service Commission, ali ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 160 kuchokera pa boma la Ntcheu. Bwalo la milandu ya ntchito nalo maofesi ake akuluakulu ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Pa nthawi ya mliri, maofesi akugwira ntchito mosinthana ndipo maulendo achepetsedwa, njira yomwe idzaoneke yachidule ndi yomva mlanduwo pa foni kapena pa kanema wa pa intaneti.

Njirayi ili ndi ubwino wake ndipo tisainyoze. Munthu woimitsidwa ntchito amakhala m'mavuto a ndalama, angongole ali pakhomo. Kumuitanira ku Lilongwe ndiye kuti apeze ya kabaza, ya minibasi, ya chakudya ndi ya malo ogona, mwinanso n'kukauzidwa kuti bwana wapita kumsonkhano, mudzabwerenso. Mlandu womvedwa pa kanema ungathe msanga ndiponso motchipa. Nthambi ya makhoti idayamba kale kuyenda njira imeneyi. Mu 2024, mothandizidwa ndi bungwe la UNDP, idakhazikitsa ndondomeko ya e-Court yolumikiza mabwalo ena a milandu ndi ndende komanso mapolisi kudzera pa kanema.

Koma chomwe chimatheka mu ofesi ya ku Lilongwe si chimene chimatheka kuseri kwa mapiri a Kirk Range. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo ngam'tauni. M'madera ena a m'malire foni imakoka netiweki ya ku Mozambique, ya kwathu n'kumachita kuisaka pachulu. Mu Januwale 2022, mwezi womwewo nkhani ya katemera wokakamiza ili kubwalo, namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuthimathima kudakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka.

Taganizirani mphunzitsi uja. Mabwana atatu akhala mu ofesi yozizira bwino, mafayilo ali patebulo. Iye waima pansi pa mtengo, foni m'manja, batire latsala pang'ono, bandulo wagula ndi ndalama ya ndiwo. Kalata ya dokotala ili m'thumba, koma alibe njira yoionetsera kuti iwerengeke. Akuyamba kufotokoza, mawu akuduka. Mabwana adikira mphindi zingapo, kenaka alemba kuti woimbidwa mlandu adachoka yekha pa msonkhano. Pa pepala zidzaoneka kuti adapatsidwa mwayi wodziteteza. Kodi adamvedwa?

Funso loti umboni wa pa kanema ndi wokwanira kapena ayi si laling'ono. Mlandu wofuna kutumiza Shepherd Bushiri ku South Africa udachedwa nthawi yaitali, maloya akukangana ngati mboni za kumeneko zingaperekere umboni kutali kapena zibwere ndithu ku Lilongwe. Ngati anthu okhala ndi maloya odziwika adalimbana chotero pa mfundoyi, nanga mlonda wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi adzamuyankhulira ndani?

Zoyenera kukonzeratu

Yankho si kukana katemera, ndiponso si kukana intaneti. Yankho ndi kukonzeratu zinthu kunja kukadali bata.

Aphungu athu, kuphatikizapo a m'boma la Ntcheu, akankhe kuti lamulo latsopano la zaumoyo linene poyera nthawi yomwe katemera angakhale wokakamiza, kwa ayani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi omwe angakhululukidwe. Namwino wa m'chipinda cha odwala kwambiri ndi kalaliki wa ku ofesi ya zamalo sali pa chiopsezo chofanana, choncho lamulo lisawamange mtolo umodzi. Lineneso kuti palibe wolangidwa pokhapokha katemera atafika pa chipatala cha kudera lake, ndiponso kuti asadachotsedwe ntchito ayambe apatsidwa uphungu, kapena asinthidwe kupita ku ntchito yosakumana ndi odwala.

Kumbali ya milandu, udindo wopeza makina ukhale wa boma, poti ndilo likuimba mlandu. Khonsolo ya Ntcheu itakhala ndi chipinda chimodzi pa boma, ndi zina zingapo m'malo ngati Lizulu, Tsangano, Sharpevale ndi Manjawira, zokhala ndi magetsi a dzuwa, kompyuta ndi munthu wothandiza, vuto lalikulu lingachepe. Malo ophunzitsirako aphunzitsi omwe ali kale m'mazoni angathe kugwira ntchito imeneyi. Woimbidwa mlandu alandire zikalata zonse masiku angapo tsiku lisadafike, aloledwe kukhala ndi mnzake wa ku bungwe la ogwira ntchito pambali pake, ayankhule m'chinenero chomwe amamasuka nacho, ndipo zokambirana zijambulidwe kuti akafuna kuchita apilo kapena kukadandaula kwa Ombudsman akhale ndi umboni. Netiweki ikaduka, mlandu uimitsidwe. Ndipo pomwe ntchito ya munthu ili pa chiswe, akhale ndi ufulu wopempha kuti akaonane ndi omuweruzawo maso ndi maso.

Mabungwe a ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi ndi anamwino asadikire kalata ina yochokera ku Capital Hill kuti adzayambe kulankhula. Nkhaniyi aiike pa tebulo panopa, pomwe palibe wodwala komanso palibe wokwiya. Ndipo inu amene simugwira ntchito m'boma musati sizikukukhudzani. Mphunzitsi akachotsedwa mopanda chilungamo pa sukulu ya kumudzi, ana anu ndiwo amakhala miyezi opanda wowaphunzitsa. Namwino akadwala chifukwa chosatetezedwa, mkazi wanu ndiye amapeza chitseko cha chipatala chotseka usiku. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.