Kodi Gawo Ndi Lalikulu Bwanji?

Alimi anzanga, sabata ino sindinena za anankafumbwe kapena za nthenda za ng'ombe. Ndifuna ticheze za mau amodzi amene inu ndi ine tiwanena masiku onse, koma kawirikawiri osamvana. Mauwo ndi akuti "gawo".

Chaka china ndinachititsa msonkhano pa mudzi wina, ndipo ndinauza anthu kuti pa munda wa chimanga apatule gawo limodzi mwa magawo anai, abzalepo mtedza, chaka chinacho mtedzawo ausunthire pa gawo lina. Onse anaomba m'manja. Mvula itagwa ndinapita kukayendera minda, ndipo bambo wina wachikulire ananditenga mokondwa kukandionetsa nchito yao. Ndinapeza mtedza mizere isanu yokha pafupi ndi chulu, pamene munda wonse unali mizere 80. Nditafunsa anati, "Alangizi, munanena magawo anai. Ili ndi la nkhokwe, ilo la malonda, lakumtundalo ndi la adzukulu, ndipo ili ndi la mtedza wanu uja. Kodi sanakwane anai?" Ndinasowa choyankha, pakuti bambowo sananame. Wolakwa ndinali ine.

Mau a gawo achokera ku kugawa, monga funso lichokera ku kufunsa ndi yankho ku kuyankha. Si mau obwereka kwa Azungu kapena kwa Aluya ai. Ndi akale kopambana, ndipo tidziwa chifukwa abale athu akutali ali nao. Atumbuka anena kugaŵa, Aswahili kugawa, Ashona a ku Zimbabwe kugova, ndi Abaganda a ku Uganda okugaba. Akatswiri a zinenero atiuza kuti tsinde lake lakale linali "gaba", ndipo kwathu kuno "b" uja anafewa nasanduka "w". Tsono makolo a mitundu yonseyi, asanabalalike, anali kugawana zinthu kale ndi mau omwewa.

Taonani kusiyana kwake ndi mau ena. Mbiya ikasweka titola zidutswa, sitinena magawo, pakuti palibe anazigawa ndipo ziribe mwini. Nthuli ya nyama ndi nthuli chabe iri m'mphika, koma amai akaiika m'mbale ya mwana yasanduka gawo lake. Kuti pakhale gawo pafunika chinthu chathunthu, munthu wogawa, ndi munthu wolandira.

Nanga pa mudzi magawo alingana kodi? Inu mudziwa kuti iai. Mitanda ya nsima ya abambo siringana ndi ya kamwana. Kale mlenje akapha njovu, mnyanga umene unagunda pansi unali gawo la mfumu mwini dziko, ngakhale mfumuyo sinagwire mkondo. Mbuzi ikaphedwa pa maliro, adzukulu okumba manda ali ndi gawo lao, ndipo palibe abwera ndi sikelo. Kugawa kwa makolo kuyang'ana munthu, msinkhu wake ndi nchito yake. Ngakhale Boma lichita chimodzimodzi. Chigawo ndi gawo lalikulu, ndipo dziko la Malawi liri ndi zigawo zitatu, koma cha Kumpoto chiri ndi maboma 6, cha Pakati 9, cha Kumwera 13. Anzathu a ku Chipata nao akhala m'Chigawo cha Kum'mawa cha Zambia. Bambo uja anagawa munda wao mwa njira imeneyi, ndipo sindingaipeputse.

Koma sukulu itabwera, aphunzitsi a masamu anasowa mau ndipo anagwira omwewa nawapatsa lamulo latsopano: magawo onse alingane. Pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi m'chaka cha 1971, ana anaphunzira kuti tambala ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a kwacha. Pa mpira gawo loyamba ndi mphindi 45, lachiwirinso 45. Amai a banki mkhonde pogawana kumapeto kwa chaka awerenga masheya, amene ena awatcha magawo, ndipo sheya iri yonse iri ndi mtengo umodzi, kaya mwini wake ndi mkazi wa mfumu. Palinso gawo la buku ndi gawo la msonkhano, koma amenewo sapweteka munthu.

Limene lipweteka ndi ili la muyeso. Ife alangizi tikanena gawo tinena la kusukulu, inu mumva la pamudzi, ndipo tonse tibwerera kwathu okondwa. Chomwecho mverani bwino. Ngati munda wanu uli ndi mizere 80 yolingana kutalika, gawo limodzi mwa magawo anai ndi mizere 20. Ngati mizere ina ndi yaifupi, yesani ndi mapazi kapena ndi chingwe. Mtedza uli ndi timatuza ku mizu yake timene tionjeza chonde m'nthaka, ndiponso kaufiti samera pa mizu ya mtedza monga achita pa chimanga. Mukasuntha mizere 20 chaka ndi chaka, munda wonse ulawa mtedza pa zaka zinai. Ndi mizere isanu ya bambo uja mukadikira zaka 16.

Pali msampha wina, ndipo ngakhale anyamata otsiriza sukulu agwamo. Mukamva kuti sakanizani gawo limodzi la soya ndi magawo anai a gaga wa nkhuku, onse pamodzi ndi asanu, ndipo soyayo ndi gawo limodzi mwa asanu, si mwa anai ai. Chiwiya choyesera chikhale chimodzi. Musayese soya ndi chitini cha mkaka, gaga ndi ndowa. Pa chakudya cha nkhuku kulakwa kotere kungochepetsa mazira, koma pa mankhwala opopera kutentha mbeu kapena kusiya mbozi zamoyo. Musanatsegule botolo funsani mlangizi wanu akuonetseni ndi manja, ndipo musachite manyazi kumubwereza.

Mau otsiriza ndi a malo, ndipo ndiwanena ndi mtima wolemera. Pa kalembera wa 1966 anthu m'Malawi anali ngati 4 miliyoni. Pa wa 2018 anapitirira 17 miliyoni. Nthaka sinabale. Mwini mbumba amene agawira alongo ake anai munda wa maekala 8 apatsa yense maekala awiri. Aliyense wa iwo akagawira ana ake aakazi anai, mwana alandira theka la ekala, ndipo onse adzanenabe kuti "gawo langa" monga ananena agogo ao, osazindikira kuti mau akhala omwewo koma munda wachepa. Apa ndi pamene ayambira milandu ya malire imene itopetsa mafumu, kufikira mbumba igawikana, ena nasamuka. Kugawikana nakonso kwachokera ku tsinde lomwelo.

Kwa bambo uja ndinabwerera chirimwe chotsatira ndi chingwe ndi zikhomo. Tinawerenga mizere pamodzi, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo pa mzere wa 20 anakhoma chikhomo okha. Koma anandichenjeza kuti gawo la adzukulu ndisaligwire.