Kukunkha Ndalama Zamakedzana M'munda Wofufuzidwa Kale

Ku Britain, nyengo yokolola ikatha, kumaoneka anthu oyenda pang'onopang'ono m'minda ya eni ake, mitu yawo itazyolika, m'manja atagwira makina ofufuzira zitsulo zokwiririka pansi. Chimene amasaka makamaka ndi ndalama zamakedzana zimene zinatayika kapena kubisidwa dala ndi anthu amene anafa kalekale. Tsono pakati pa anthu ameneŵa pamabuka funso chaka ndi chaka: kodi munda umene ena anaufufuza kale ngwoyenera kubwereramo? Ambiri amauda, nati unatha. Koma aliyense amene anakunkhako mtedza m'munda wokumba kale adziŵa kuti khasu loyamba silitha zonse.

Makinawo mpangidwe wake ngwosavuta. Kunsonga kwa ndodo kuli kambale kokhala ndi waya wokulungidwa m'kati mwake. Magetsi a batire akamayenda m'wayamo, kambaleko kamatumiza mphamvu ya maginito m'dothi, ndipo mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo, chitsulocho chimabweza ina imene makina amaisandutsa kulira m'makutu mwa wofufuza. Komatu mphamvu imeneyi imafooka msanga ikamatsika. Ndalama imodzi yaing'ono kaŵirikaŵiri simveka ikapyola masentimita 30, ndipo ikagona cham'mbali m'malo mogona chafufumimba imamveka movutikira ngakhale ili pafupi. Msomali wadzimbiri wogona pambali pake ungathe kuiphimba kotheratu, pakuti ofufuza ambiri amatchera makina awo kuti asamalire pa chitsulo wamba. Onjezanipo ulesi wa munthu: woyenda mofulumira amasiya mipata pakati pa malo amene kambale kadutsa, ndipo mipatayo ikaphatikizidwa ingakhale gawo lalikulu la munda. Kenaka pulawo imabwera, nigadabuza dothi, zapansi zikhala pamwamba. Munda wa chaka chino sukhalanso munda wa chaka chatha.

Nkhani ya ku Hoxne, mudzi wa m'chigawo cha Suffolk, ikuonetsa zimenezi poyera. Pa 16 Novembala 1992 mkulu wina wopuma pantchito, Eric Lawes, anali kufunafuna hamala imene bwenzi lake, mlimi wa m'mundamo, anataya. M'malo mwa hamala anapeza masipuni asiliva ndi ndalama za Aroma. Iye analeka kukumba, nakauza apolisi ndi eni malo, ndipo m'maŵa mwake akatswiri ofukula zamakedzana anabwera kudzachotsa chumacho mwaluso. Ameneŵa anali anthu odziŵa ntchito yawo, ndipo anafufuza ndi makina malo ozungulira dzenjelo. Komabe mu Seputembala 1993, mundawo utalimidwanso, panatuluka ndalama zina 4 zagolide ndi 81 zasiliva, ndipo mu 1994 zinapezekanso zina. Zonse pamodzi zinafika 14,865.

Koma kupirira kwenikweni kunaoneka pa chilumba cha Jersey, chimene chili pansi pa mfumu ya Britain ngakhale chili kufupi ndi gombe la France. M'dera la Grouville, mu 1957, alimi anatulukira mulu wa ndalama za anthu a mtundu wa Aselt, ndipo anthu anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 amuna aŵiri, Reg Mead ndi Richard Miles, anamva kwa mayi wina kuti atate ake anaonapo ndalama zakale pozula mpanda wa mitengo m'deralo. Mayiyo sanathe kuloza malo enieni. Aŵiriwo anayamba kusaka, ndipo anasaka zaka pafupifupi 30. Sikuti ankaloŵa m'munda tsiku lililonse ayi. Mwini munda ankaŵalola maola oŵerengeka okha pachaka, mbewu zikachotsedwa, zina zisanabzalidwe. Munthu wamba akadataya mtima chaka chachitatu, ndipo palibe akadamdzudzula.

Kuchiyambi kwa 2012 anatola ndalama 60 zasiliva ndi imodzi yagolide, zomwazikana. Apa mpamene panagona nzeru. Iwo sanakhutire ndi zimenezi, koma analingalira kuti ndalama zomwazikana chotero nzimene pulawo yakokolola pamwamba pa mulu wokhala pansi kwambiri, kumene makina awo a masiku onse sakadafika. Anabwera ndi makina ena omva zakuya, ndipo mu Juni chaka chomwecho anaupeza muluwo pafupifupi mita imodzi pansi. Unali chibuma chimodzi cha ndalama zomatana ndi dothi, cholemera pafupifupi makilogalamu 750, chimene chinatukulidwa chathunthu ndi makina onyamulira katundu. Ntchito yomatula ndalamazo imodzimodzi inatenga zaka pafupifupi zitatu, nitha mu 2017, ndipo chiŵerengero chake chinapyola 69,000. M'kati mwake munalinso mikanda yagolide yovala m'khosi. Zambiri mwa ndalamazo zinasulidwa ndi mtundu wotchedwa Coriosolitae wa ku Brittany, ndipo akatswiri akuganiza kuti zinabisidwa m'nyengo ya chipwirikiti chimene nkhondo za Julius Caesar zinadzetsa ku Gaul kuyambira chaka cha 58 Khristu asanabadwe.

Ophunzira mbiri ayenera kuzindikira chimene chikadatayika aŵiriŵa akadafukula okha usiku. Ndalama yakale ikachotsedwa mwachisawawa imatsala ndi mtengo wa pamsika wokha. Chimene imaphunzitsa chimachokera pa malo pamene inagona ndi zinthu zimene inagona nazo. Ku Hoxne, chifukwa Lawes analeka kukumba, akatswiri anatha kuona kuti chumacho chinali m'bokosi la mtengo, ziŵiya zitalongedzwa mosamala, zina zitakulungidwa m'nsalu. Ndalama zatsopano koposa zonse m'bokosimo zinali za mfumu Constantine III, za m'zaka za 407 ndi 408, ndipo zimenezi nzimene zikusonyeza kuti bokosilo linakwiriridwa ulamuliro wa Aroma ku Britain uli kutha. Anthu akuba, amene amaloŵa m'minda mumdima mbiri ya chuma ikangomveka, anayamba kuzungulira munda wa ku Hoxne, ndipo ndicho chinachititsa kuti akatswiri abwererekonso mu 1994 kukapulumutsa zotsala.

Lamulo la Treasure Act la 1996, limene likugwira ntchito ku England, Wales ndi Northern Ireland, linaganizirapo za munda wobwerezedwa. Ndalama ziŵiri kapena zoposa zagolide kapena siliva, zopyola zaka 300, zikapezeka pamodzi ziyenera kunenedwa kwa aboma pasanathe masiku 14. Ndipo ndalama imodzi yokha yotoledwa patapita zaka, ngati ikuoneka kuti inali ya mulu wopezeka kale, imaŵerengedwa pamodzi ndi muluwo. Mphotho nthaŵi zambiri imagaŵidwa pakati pa wopeza ndi mwini malo. Lawes, amene anapeza chuma chake lamuloli lisanakhazikitsidwe, analandira mapaundi 1.75 miliyoni, nagaŵana ndi mlimi uja mwa kufuna kwake. Ku Jersey, kumene lamuloli silifika, zokambirana zinatenga nthaŵi, kufikira mu 2021 pamene boma la chilumbacho linagula chumacho ndi mapaundi 4.25 miliyoni. Hamala ija nayo inapezeka pambuyo pake, ndipo inaperekedwa ku British Museum kumene kukusungidwa chuma cha ku Hoxne.